Ndinakokota Munda wa Mnzanga ndi Masikito

Ndinaba m'munda wa mnzanga, ndipo zomwe ndinabazo anamuikira pa mbale ine ndili pambali pake ndikumwetulira. Ndayambira pamenepa dala kuti amene mukufuna kunditukwana mutukwaniretu, tikamafika kutsogoloku mukhale mutapuma. Dzina langa sindikuuzani. Amalawi a kuno ku Dublin akundidziwa kale, ndipo ambiri mwa iwo anatafuna nawo mlanduwu ndi minga yake yomwe, choncho asayerekeze kundiloza chala chonona mafuta.

Ndine nkhalamba. Sukulu ndinalekezera Sitandade 4, chaka chomwe aphunzitsi anatopa nane chifukwa chobwera m'kalasi ndikununkha nsomba. Inu owerenga a madigiri, mukaona chilembo chapendama chiwongoleni nokha, ndi ntchito yomwe makolo anu anakugulitsirani mbuzi. Ine changa n'kunena zomwe zinachitika.

Ndinakulira pa nyanja ya Malombe. Ndili mnyamata chambo chinalipo choti ukaponda m'madzi chimakupempha njira. Tinachikokolola ndi makoka mpaka chinatha. Chitatha tinatembenukira kwa kambuzi. Kambuzi atayamba kuchepa tinasokerera masikito kuthumba kwa khoka kuti ngakhale kamwana koswa dzulo kasapulumuke. Alangizi a za nsomba akabwera ndi njinga zawo zamoto tinkawaseka, n'kumati nsomba sizitha, zimagwa ndi mvula. Ine ndinali mkulu wa oseka. Tsono nyanja ija inatiyankha mosalankhula, tinangoona makoka akubwera ndi matope ndi nkhono. Ndikukuuzani zimenezi kuti pasapezeke wondichitira chisoni n'kumati agogowa sankadziwa. Ndinkadziwa. Ndinapha kale nyanja imodzi ndisanakwere ndege.

Kuno ndinabwera ngati wopempha malo othawirako, mmene anabwerera anzanga ambiri. Mapepala atatuluka ndinasesa m'nyumba yosungiramo katundu ku Coolock mpaka msana unati basi. Pano ndimakhala ndekha m'kanyumba ka chipinda chimodzi ku Balbriggan. Mayi a kunyumba anatisiya kalekale, ana ali kumudzi ndi ku Joni. Amalawi anzanga alipo, koma onse ndi anthu a mashifiti. Uyu akusamalira okalamba usiku, uyo akugona masana, winayo akuthamangira sitima. Amasamalira nkhalamba za eni dziko, yawoyawo ikungowerenga matabwa a kudenga. Sindikuwadandaula, ndi mmene moyo wa kuno ulili. Koma kusungulumwa kwa ku Ulaya kumaluma kuposa chisanu chake.

Ndiye ndinkapita kunyanja kukataya nthawi. Nyanja ya kuno ili ndi khalidwe lachilendo. Kawiri pa tsiku imanyamuka n'kupita kutali, kusiya matope ndi miyala pamtunda, kenako n'kubwerera ngati munthu woiwala chipewa. Tsiku loyamba kuziona ndinati kalanga ine, ya Chilwa yanditsatira, nayonso yaphwa. Tsiku lina madzi atachoka choncho, pa kagombe kena kobisika komwe sinditchula, ndinaona mzungu wokalamba atagwada m'matope akudzala udzu. Udzu, inu owerenga, m'nyanja! Ndinaseka mpaka kutsokomola. Ndinamukuwira m'Chingerezi changa chothyokathyoka kuti, “Madala, kodi ng'ombe za kwanu kuno zimadyera m'madzi?”

Iwo anadzutsa mutu nati, “Bwerani mudzagwire chingwe apa m'malo moima ngati mtengo wa magetsi.”

Amenewo anali a Fintan. Nawonso anali msodzi wopuma, wa zala zitatu kudzanja lamanja, zinazo zinatsala m'chingwe cha boti. Asodzi awiri okalamba akakumana mukudziwa chomwe chimachitika, ndi mpikisano wa mabodza. Ine ndikati ndinagwira kampango wotalika ngati chitseko, iwo amati anagwira nsomba yomwe chithunzi chake chokha chinkalemera makilo khumi. Ankanditcha Kaputeni. Ine ndinawaphunzitsa mawu oti achimwene, ndipo ankawatchula ngati akutafuna mbatata yotentha. Tinkamwa tiyi wa m'fulasiki imodzi, kapu n'kumalandizana. Chaka chomwe ndinagwa ndi chibayo, munthu yemwe anathyola chitseko changa ataona kuti masiku awiri sindinafike kunyanja anali iwowo. Kuchipatala atandipatsa fomu yofunsa wachibale woyandikira, ndinalemba dzina lawo. M'dziko lonse lino ndinalibe wina.

Udzu uja unali moyo wawo. Anandiuza kuti ali mwana unkadzaza gombe lonselo, koma unatha ndi zonyansa za m'mipope ya m'tauni, ndi maboti okokota pansi, ndi anthu ongopondaponda. Iwo anakhala zaka zisanu ndi chimodzi akuubwezeretsa. Ankatola timphukira tomwe mafunde atayira kumtunda, n'kumangirira kamodzikamodzi ku kamsomali ndi ulusi, n'kukazika m'matope, m'madzi ozizira oti chala chimaiwala mwini wake. Pa timphukira khumi mwina tiwiri tinkagwira. Pofika nthawi yomwe ndinawadziwa, munda unali utakula ngati bwalo la mpira wa manja, wobiriwira, madzi akabwera n'kumagwedezeka ngati mpunga wa kudambo.

Anandifotokozera kuti udzuwo ndi chikuta cha nsomba. Mmenemo ndi momwe tiana timabisala mpaka titakula n'kupita kunyanja yaikulu. Tsiku lina anatunga madzi m'botolo la jamu n'kundionetsa kansomba kaphanthiphanthi, kakang'ono ngati chikhadabo cha chala chachikulu, maso onse awiri ali mbali imodzi. Ndinati aka kakuyang'ana ngati mlamu wansanje. Anaseka mpaka misozi, kenako anakabwezera m'madzi ndi manja awiri ngati akupereka mwana kwa amake. Anati kakapulumuka kadzakhala nsomba yodzaza mbale ya munthu wamkulu. Anandipatsanso kabuku kosonyeza nthawi yomwe madzi amachoka ndi kubwera tsiku lililonse, nandiphunzitsa kuwerenga manambala ake moleza mtima kuposa aphunzitsi anga a Sitandade 4.

Tsono apa ndi pomwe muyenera kundimvetsa, ngakhale simundikhululukira. Pomwe a Fintan ankaona ana, ine ndinkaona ndiwo. Diso la msodzi wa pa Malombe silitembenuka mtima. Ndikasuzumira muudzu muja n'kuona tinsomba tikuthwanima, malovu ankadzaza m'kamwa. Usipa wa m'mashopu a ku Moore Street mumaudziwa, wayenda maulendo ambiri kuposa ine, ukautafuna ngati ukudya katoni. Ndipo m'sutikesi mwanga munali masikito obiriwira omwe ndinakulungira katundu pobwera kotsiriza kuchokera kumudzi. Kuno udzudzu kulibe. Masikito aja ankangogona, nane ndinkangogona, ndipo Satana sasowa ntchito yopatsa anthu awiri ogona.

Khoka silikokedwa ndi munthu mmodzi. Ndinakambirana ndi Jailosi, bambo wa ku Zomba wa zaka za m'ma fote, yemwe amagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Nditangotchula matemba maso ake anayaka. Tinasokerera matcheni a njinga kumunsi kwa masikito kuti azikwekwereza pansi, kumtunda tinamangirira mabotolo a pulasitiki, uku ndi uku ndodo za mopu. Linali khoka lochititsa manyazi, koma ndinalinyadira ngati ndapanga ndege.

Chotsala chinali mwini munda. A Fintan anali ndi vuto la impso, ndipo masiku ena pa sabata ankakwera sitima ya m'mawa kupita kuchipatala mu Dublin kukatsukitsa magazi. Masikuwo ndinkawadziwa bwino chifukwa ndine ndinkawaperekeza ku siteshoni, kuwanyamulira kachikwama. Ndinatsegula kabuku kaja, n'kuyang'ana tsiku lomwe madzi achoke m'mawa iwo ali kuchipatala. Ndinawaperekeza, ndinawakweza, ndinawabayibitsa mpaka sitima inakhota. Kenako ndinatsika kunyanja komwe Jailosi ankandidikira ndi ndowa.

Kukoka koyamba khoka linalemera ngati tagwira ng'ona. Titalitulutsa, theka linali udzu, wozuka ndi mizu yomwe, wina uli ndi timisomali take. Ndinationa timisomalito. Ndinatichotsa ndi dzanja langa kuti tisang'ambe neti. Pakati pa udzuwo panali chuma: tinsomba tasiliva, tinkhanu, tina tatitali ngati singano, ndi taphanthiphanthi tija tambirimbiri. Jailosi anavina m'madzi. Ine mtima unagunda kamodzi, ndinaumva, koma ndinauuza kuti nyanja iyi ikufika mpaka ku Amereka, ndowa imodzi ingaipweteke chiyani? Udzu tinauponyera m'madzi kuti mafunde akabwera abise umboni.

Kuyanika kunali nkhondo ina. Dzuwa la kuno ndi la pa chithunzi, limawala koma silitentha. Ndinayala tinsombato m'kabati momwe mumakhala thanki ya madzi otentha, momwe eni dziko amaumitsamo matawulo. Pofika tsiku lachitatu mayi woyandikana nane anagogoda kudzafunsa ngati mphaka wake wosowa anafera kwanga. Ndinamuthandiza kufunafuna, mpaka pansi pa bedi.

Koma zitauma, abale inu, zinali ndiwo. Ndinapatsako mabanja awiri atatu, ndipo sabata isanathe foni yanga, yomwe inkangolira ikafuna kutchajidwa, inayamba kulira usana wonse. Agogo muli bwanji, agogo mwasowa, agogo matemba a ku Balbriggan aja alipo? Amayi omwe ankandidutsa pa tchalitchi ngati mpando anayamba kundigwadira pondipatsa moni. Anandipatsa dzina loti Agogo a Ndiwo. Ndinkaitanidwa ku zinkhoswe, ku mabefide, n'kukhazikidwa kutsogolo. Musaganize kuti ndinkafuna kulemera nazo. Chomwe chinandikola ine ndi kufunidwa. Nkhalamba ikayamba kufunidwa imaledzera kuposa wa kachasu.

A Fintan anaupeza udzu wawo utaunjikana pagombe ngati zinyalala. Ndinali nawo tsiku limenelo. Anatola kamphukira kamodzi kali ndi ulusi wake, anakayang'ana nthawi yaitali. Anayenda mpaka pamunda n'kuona mizere yomwe matcheni anasiya m'matope. Anati ichi ndi chitsulo chokokota pansi. Kunyanja kuno kuli maboti omwe amakwekwereza zitsulo pansi pofuna nkhono zazitali za mumchenga, ndipo limodzi mwa mabotiwo ndi la Colm, mwana wa mchemwali wawo. Anali atakangana naye kale kangapo pa nkhani yoyandikira kugombe. Anatembenukira kwa ine nandifunsa ngati ndinaonapo kanthu masiku omwe iwo kunalibe.

Inu owerenga, apa ndi pomwe Mulungu ananditsegulira khomo, ine n'kulitseka ndi mwendo. Ndikanati achimwene ndine, ndikhululukireni, bwenzi atanditukwana, mwina atandimenya ndi fulasiki, koma zikanathera pomwepo. M'malo mwake ndinakanda m'mutu ngati munthu woganiza mozama, n'kunena kuti, “Lachiwiri ndinaona boti labuluu litayandikira kwambiri.” Boti labuluu pa doko la m'tauniyo ndi limodzi, la Colm.

Zotsatira zake zinathamanga kuposa mmene ndinkaganizira. A Fintan analemba makalata ku maofesi. Anapita ku msonkhano wa anthu a m'tauni, naimirira ndi ndodo yawo, natchula mphwawo ndi dzina pamaso pa anthu kuti ndi wakuba wopanda manyazi. Colm analumbira kuti sanafikeko, ndipo ankanena zoona, poti pamalo paja ndi posaya, boti lake silingadutse. Koma a Fintan anati ali ndi mboni yomwe sinawanamizepo. Mchemwali wawo, yemwe ankawaphikira Lamulungu lililonse chimwalirireni akazi awo, anawatsekera chitseko. Munthu wodwala impso anayamba kudya za m'zitini yekha. Ine ndinkakhala nawo pa benchi n'kumathandiza kutukwana maboti, ndipo ndinkatukwana mwaluso kuposa iwo.

Mukuganiza kuti ndinasiya? Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Chilimwe chonsecho, tsiku lililonse lomwe kabuku ndi chipatala zagwirizana, ine ndi Jailosi tinali m'madzi. Ndinkadziuza kuti tikoka m'mbali mokha. M'mbali mukatha, pakati pamasanduka m'mbali. Pofika mwezi wa Sepitembala munda uja unali ngati mutu wa munthu wa chipere.

Tsiku la tsoka silinunkha. Mayi Nachisale, mmodzi mwa amayi akuluakulu a kwathu kuno, anali ndi ubatizo wa mdzukulu wawo, ndipo phwando linali mu holo ya parishi ina cha ku Coolock. Ndinali nditawalonjeza a Fintan kalekale kuti tsiku lina adzalawa chakudya cha kwathu, ndipo powaona mmene anaondera ndinati tiyeni achimwene mukadye kwa anthu. Ndinkadziwa kuti matemba anga akakhalako, koma ndinati amayi akawaphika ndi tomato ndi nsinjiro mpaka osazindikirika. Sindinadziwe kuti Mayi Nachisale anaganiza zowakazinga ouma, amphumphu, kuti anthu azitola ngati mtedza.

Mwambo wathu mumaudziwa. Mlendo amakhala kutsogolo, amasambitsidwa m'manja poyamba, ndipo ndiwo zomwe eni nyumba akuzinyadira zimayambira kwa iye. A Fintan anawakhazika pakati pa ine ndi bambo mfumu. Mayi Nachisale anabwera okha ndi mbale, anagwada, naiika patsogolo pawo. A Fintan anathokoza, anatola kamodzi, anakafikitsa pafupi ndi pakamwa, kenako dzanja linaima. Anakaika pachikhatho. Anatulutsa magalasi m'thumba. Kanali kaphanthiphanthi, kouma, maso onse awiri mbali imodzi.

“Kaputeni,” anatero motsitsa mawu, “nsomba iyi imapezekanso m'nyanja ya kwanu?”

“Kwambiri,” ndinayankha msangamsanga. “Yadzadza. Idyani achimwene, izizira.”

Koma mwambo wathu uli ndi mbali yachiwiri. Wobweretsa ndiwo amayamikiridwa pagulu, kuti mlendo adziwe kuti pamudzi pali amuna. Mayi Nachisale anaseka, naika dzanja paphewa langa, nakweza mawu m'Chingerezi kuti holo yonse imve. “Asakunamizeni awa, ndi odzichepetsa! Izi si za ku Malawi ayi, ndi za konkuno, za ku Balbriggan kwanu komweko. Amagwira okha agogowa, ndi neti ya udzudzu! Mutu uwu ndi wa injiniya!”

Nthungululu zinalira. Anthu anaomba m'manja. Ndinayesa kuwaponda phazi Mayi Nachisale koma ndinaponda la bambo mfumu. Ndipo Jailosi, yemwe anali atalawa kale za m'botolo kunja, anaimirira n'kuyamba kuonetsa mmene timakokera, atawerama, akubwerera chambuyo, akufotokoza za matcheni a njinga ndi mmene udzu umavutitsira pochotsa mu neti. Anthu anagwa nako kuseka.

A Fintan sanakweze mawu. Anatenga kapepala kopukutira m'manja, anakulunga kansomba kaja bwinobwino, nakaika m'thumba la jekete. Anaimirira, anathokoza Mayi Nachisale chifukwa cha ulemu wawo, anadalitsa mwana wobatizidwayo, natuluka. Ndinawatsatira mpaka pa siteji ya basi. Kunali kamvula kaja kosanyowetsa koma kozizira mpaka m'mafupa. Tinaima ngati anthu osadziwana.

“Masiku ati?” anafunsa osandiyang'ana.

“Masiku a kuchipatala.”

“Munkayamba mwandikweza sitima.”

“Eya.”

“Nanga boti la Colm munaliona?”

Basi inabwera. Anakwera movutika, ndipo nditatambasula dzanja kuti ndiwathandize anagwira chitsulo.

Ndinakhala masiku ndikudikira apolisi. Ndinkawafuna, kunena zoona. Ndinkati abwere, andilipiritse, anditsekere, ndione kuti ndalipira. Sanabwere. A Fintan sanandinenere kulikonse. Chomwe anachita n'chakuti pa msonkhano wotsatira anaimiriranso ndi ndodo yawo ija, napepesa kwa Colm pamaso pa anthu omwe aja, nanena kuti munda unawonongedwa ndi anthu apansi okoka neti, ndipo iwo ananamizira mwana wosalakwa. Sanatchule dzina langa. Koma tauni yaing'ono ilibe chinsinsi, ndipo nkhalamba yakuda yomwe inkayenda ndi a Fintan inali imodzi.

Apa ndi pomwe pamandiwawa kwambiri. Maboti aja amawonongadi pansi pa nyanja, zimenezo si bodza langa ayi. Mipope ija imatayiradi zonyansa mvula ikagwa yambiri. Munthu yemwe ankalimbana nazo mosatopa pa gombe lonselo anali a Fintan, ndipo anthu anali atayamba kuwamvera. Panali ngakhale nkhani yoti akuluakulu abwere adzaone mundawo n'cholinga choti malowo atetezedwe. Ine ndinawathyola mawu. Lero akati atsegule pakamwa za maboti, asodzi amawaseka kuti madala, kafunseni kaye mnzanu wa ku Afirika. Akuluakulu aja atabwera anapeza matope okhaokha, anajambula zithunzi ziwiri, nabwerera. Ungateteze bwanji chinthu chomwe kulibe? Amene amakokota ndi zitsulo zolemera ngati galimoto anapeza pobisala kumbuyo kwa masikito anga. Colm anavomera chipepeso ndi pakamwa pokha, ndipo amayi ake mpaka lero sanawaphikirenso achimwene awo.

Si iwo okha omwe ndinawapweteka. Mayi wina wa kwathu anapita ndi ana ake kugombe atanyamula kandowa kosewerera mchenga, ndipo munthu anamutsatira kudzasuzumira m'kandowamo. Anabwera kwanga akulira, nandifunsa kuti agogo, ana angawa anabadwira konkuno, alakwa chiyani? Ndiye m'nyengo yozizira kunabwera atsekwe akuda omwe amachokera kutali chaka ndi chaka kudzadya udzu uja. Ndinawaona ndi maso anga akutera pamatope paja, akuyendayenda, akujompha pachabe. Anakhala masiku awiri n'kunyamuka. Sindidziwa komwe anapita, ndipo palibe amene ndingamufunse.

Ndinapita kwa Jailosi kukatenga masikito anga kuti ndiwawotche. Ndinapeza atapeza kale mnzake wina wa ku Chipata, ndipo akukoka pa gombe lina kumpoto. Anandiseka ali pakhomo, osandilowetsa n'komwe. “Madala, inu mwakhuta ndiye mukufuna kutseka khitchini? Nyanja yonseyi mpaka ku Amereka, ife ndi kandowa kathu tingaimalize? Nsomba sizitha izi. Mwasanduka mzungu eti?” Ndinamva mawu anga omwe akutuluka m'kamwa mwa munthu wina, ndipo ananunkha. Ndinamuopseza kuti ndikamunenera. Iye anati pitani, mukayambe ndi kufotokoza yemwe anasoka matcheni. Amayi aja nawonso atamva kuti Agogo a Ndiwo asiya ndiwo, foni inabwerera ku tulo take. Ena mpaka amanena kuti ndinawachititsa manyazi pobweretsa mzungu pa phwando la eni. Taonani, cholakwa changa kwa iwo si kuba ayi, koma kubwera ndi mwini munda.

Chisanu chitatha ndinawaona a Fintan atagwadanso m'matope muja, ataonda ngati bango, akuyambiranso ndi kamphukira kamodzi. Anali ndi amayi awiri a m'tauni owathandiza. Ndinathamangira kunyumba, ndinavala majombo, ndinagula misomali paketi yathunthu ndi ulusi, n'kutsikira kugombe. Mawu opepesa ndinali nditawakonza miyezi isanu, ena ndinachita kufunsa kwa bambo mfumu kuti Chingerezi chake chikhale choongoka. Nditafika pomwe miyala imathera ndi matope kuyamba, a Fintan anakweza dzanja lawo la zala zitatu lija. Ndinaima. Ndinayamba kulankhula, ndipo anandisiya mpaka ndinamaliza.

“Ndamva,” anatero. Anatulutsa thumba lakuda la zinyalala naliponya pamiyala. “Ngati manja akukuyabwani, tolani mapulasitiki kumtunda uko. M'madzi muno musalowe.”

Anaweramanso n'kupitiriza kudzala.

Papita zaka ziwiri tsopano. Madzi akachoka iwo amakhala kumunsi, ine kumtunda ndi thumba langa. Ndimatola mabotolo, zingwe zoduka, matewera, timapepala tonyowa tomwe anthu amataya m'chimbudzi n'kumaganiza kuti tapita kumwamba. Pakati pathu pali mapazi makumi atatu okha. Nthawi ya tiyi amakhala pamwala atandifulatira. Udzu wagwira pang'ono, malo oti mungayalepo mphasa ziwiri, ndipo mmene thupi lawo likuthera ndikudziwa kuti sadzauonanso mmene unalili. Zaka zisanu ndi chimodzi za munthu wodwala ndinazidya m'miyezi inayi, ndi mchere pang'ono.

Tsono inu owerenga, makamaka inu a kwathu omwe mwabalalika m'maiko a eni, ndimvereni ine chitsiru chokalamba. Njala ya ndiwo za kumudzi ndi yeniyeni, ndikuidziwa, koma musanaponye kanthu m'madzi a eni funsani kuti muli chiyani ndipo anasamala ndani. Madzi akakula musamati alibe mwini ndipo sangathe. Malombe tinkati sangathe. Nsomba yomwe ikukwana pa chikhadabo si ndiwo, ndi mwana, ndipo neti yomwe udzudzu sungadutse isayandikire madzi alionse, kaya kuno kaya kumudzi. Inu amayi ogula, muzifunsa komwe zachokera, chifukwa wokoka amakoka poti wina akudikira ndi poto. Ndipo mukalakwira munthu yemwe anakutolani muli nokha, muuzeni tsiku lomwelo, bodza lisanapite kukagwetsa nyumba ya wina. Ine ndinachedwa. Lero msodzi wobadwira m'bwato ndinaletsedwa kunyowetsa phazi m'nyanja ndi nkhalamba yopanda mfuti, yopanda yunifolomu, yosatha n'kuima komwe popanda ndodo, ndipo madzi akamabwera kufuna kukhudza jombo zanga, ndimabwerera m'mbuyo.